Madzi Ofunda a M'bandakucha

Pomanga nyumba m'mphepete mwa nyanja, ambirife timayamba ndi kuwerengera njerwa ndi malata, za madzi ndi moto n'kuzisiyira kumapeto. Ine ndi akunyumba tinayambira pa madzi, poti m'nyumbayo mukhalanso mayi anga okalamba, amene mafupa awo sagwirizana ndi madzi ozizira pochita wudhu wa Fajr m'miyezi ya June ndi July, mwera ukamaomba.

Kuno ku Mangochi zipinda sizifuna chotenthetsera. Khoma lochindikala, siling'i ndi khonde lotakata n'zokwanira, ndipo zimatitchinjirizanso ku kutentha kwa October. Ofunika kutenthetsa ndi madzi. Giza yamagetsi imakoka mawati 2,000 kapena 3,000, mayunitsi n'kumatha ngati mchere m'madzi. Nkhuni nazo zikusowa, ndipo utsi wake umathera m'chifuwa cha wophika. Choncho tinasankha giza yoyendera dzuwa. Madzi akatenthedwa m'mapaipi ake amapepuka n'kukwera okha m'thanki yapamwamba, ozizira n'kutsika, popanda pampu. Mmisiri anailozetsa kumpoto, kumene dzuwa limapendekera m'nyengo yozizira, ndipo thanki yake ndi yokutidwa bwino moti kutentha kwa masana kumafika m'bandakucha. Tsiku la mitambo timadalira Chitetezo Mbaula, yosadya nkhuni zambiri.

Funso lovuta linali gwero la madziwo. Nyanja tili nayo pakhomo, koma m'madzi osaya muli nkhono zofalitsa likodzo, ndipo kolera ya 2022 ndi 2023 inatisiyira manda ambiri. Tinayang'ana kudenga. Mvula ya mamilimita 10 ikagwa pa denga la masikweyamita 80 imapereka malita pafupifupi 800. Madzi oyamba, otsuka fumbi ndi zitosi, timawataya. Otsatira amalowa m'thanki ya malita 5,000, ndipo akumwa timawathira klorini. Komabe banja lotunga malita 100 patsiku limaimaliza thankiyo m'masiku 50, pamene chilimwe chimatenga miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa. N'chifukwa chake tinakumbitsanso chitsime chotetezedwa, kutali ndi chimbudzi, n'kuikapo kapampu ka sola kokweza madzi pamwamba.

Zonsezi zinadya ndalama za matailosi ndi penti, ndipo achibale ena amaidabwa nyumba yatsopano ya simenti yokha pansi. Sindiwatsutsa, kukongola kuli ndi malo ake. Koma matailosi angadikire chaka chamawa, pamene wokalamba ndi mwana wakhanda amafuna madzi abwino lero. Amene mukukumba maziko chaka chino, m'funseni mmisiri kumene thanki idzakhale denga lisanakhomedwe.