Pa Chinakanaka mathiraki amangodutsa

Amene mumayenda msewu wa ku Mulanje mukupadziwa pa Chinakanaka. Minibasi imaima pang'ono, wina atsike ndi thumba la ufa, wina akwere ndi nkhuku, amayi a nthochi ndi zinanazi athamangire pawindo, kenako ulendo. Si tauni, komanso si mudzi. Ndi mzere wa magolosale, malo okonzera njinga, zinyumba zoonetsera mpira ndi msika umene tsiku lake likafika umasefukira mpaka m'mphepete mwa tala. Kukacha bwino, phiri la Mulanje limaoneka ngati lili kuseri kwa golosale, chonsecho pali kamtunda ndithu.

Msewuwu ndi womwe umachokera ku Limbe kudzera pa Chitakale ndi pa boma mpaka kuchipata cha Muloza, kumene ukangowoloka uli ku Milange m'dziko la Mozambique. N'chifukwa chake mwana wa pa Chinakanaka amakula akuona galimoto zikuluzikulu. Tiyi wa m'maesiteti amadutsa pano popita ku Limbe, simenti ndi feteleza zimadutsa polowera kuphiri, chimanga cha ku Milange nachonso chimadutsa chaka cha njala. Zimene zimaima ndi malole ang'onoang'ono a mavenda, makamaka nyengo ya nandolo, sikelo zikapachikidwa pansi pa mitengo. Zikuluzikuluzo zimangoliza hutala, fumbi koboo, anyamata a kabaza n'kutsala akuzitsatira ndi maso.

Musawaseke anyamatawo. Ku Mulanje malo ndi ochepa, anthu ndi ambiri, ndipo nthaka yabwino ya m'munsi mwa phiri inapita ku tiyi kalekale, azigogo athu asanabadwe n'komwe. Ntchito yothyola tiyi imachuluka dzinja, chilimwe ambiri amabwerera kunyumba. Mnyamata amene walemba Fomu 4 koma ya koleji palibe, amasankha pakati pa kabaza, geni ya kumsika, kapena ulendo wa ku Joni. Tsono akaona dalaivala ali pamwamba pa thiraki, chigongono pawindo, amati ntchito ndi imeneyo.

Mmodzi mwa iwo ndi mphwanga, mwana wa achemwali anga. Bambo ake anamwalira iye ali Fomu 3. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula masiku angapo osalekeza, nyumba yawo ya zidina inagwa khoma limodzi usiku, lachiwiri m'mawa mwake. Anapulumuka onse, ndipo timathokoza, poti m'dziko muno anthu oposa 600 anafa, ena mazana sanapezeke mpaka lero, ambiri a iwo a kuno ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre. Koma kupulumuka si kudya. Munda unakokoloka, mbuzi zinapita, ndipo achemwali anga, amene amadwala kuthamanga kwa magazi, sanabwererenso m'chimake. Kwathu kuno mbumba ndi ya malume, choncho nkhani inafika pakhomo panga.

"Amalume, ndikufuna chiphaso," anatero. Ndinamufunsa cha chiyani. Iye akuti cha thiraki.

Anthu ambiri amaganiza kuti chiphaso ndi chimodzi. Ayi. Ku Road Traffic ziphaso zili m'magulu. B ndi ya galimoto zazing'ono, C1 ndi ya malole apakati, C ndi ya malole akuluakulu, ndipo EC ndiyo ya thiraki yokoka ngolo, ija imapita ku Beira, Nacala, Dar es Salaam ndi Durban. Pamwamba pa apo, woyendetsa galimoto ya malonda amafunika chilolezo china chotchedwa PrDP, chimene chili ndi zilembo zake: G ya katundu, P ya anthu, D ya katundu woopsa monga mafuta. Chilichonse mwa izi ndi ndalama: ya sukulu yoyendetsa, ya mayeso, ya kuchipatala, kuphatikiza thiransipoti yopita ku Blantyre ndi kubwera. Kwa munthu wa pa Chinakanaka, chiphaso chimawerengedwa m'matumba a nandolo. Mphwanga anagulitsa njinga yake ya kabaza, ine ndinaikapo ya mbuzi ziwiri, ndipo anafika pa C1. Pamenepo mphamvu zinatithera.

Chiphaso chili m'thumba, vuto lenileni linayamba. Kampani iliyonse imafuna munthu amene wayendetsapo zaka zingapo, ndipo palibe mwini galimoto angapereke thiraki ya mamiliyoni kwa mwana amene wangochoka kumene kusukulu. Nanga zakazo munthu azitenga kuti ngati wina samupatsa chiwongolero? Njira imene ambiri amadzera ndi yokhala wothandiza dalaivala. Mphwanga anapeza malo otere pa lole ya munthu wina wa ku Limbe, yonyamula mbewu m'misika. Ntchito yake ndi kumanga tenti ndi zingwe, kuwerenga matumba, kuona mafuta ndi madzi m'mawa, kugona pansi pa galimoto ndi jeke tayala likaphulika, ndi kulondera katundu usiku adalaivala akapita kukapuma. Malipiro ake sindiwatchula pano, mungandiseke.

Koma sukulu yeniyeni ndi imeneyo. Adalaivala ake ndi bambo wachikulire, wosalankhulalankhula, amene anayenda msewu wa ku Tete zaka zambiri maso asanayambe kuvuta usiku. Miyezi itatu yoyamba sanamulole kukhudza chiwongolero. Ankangomuuza kuti amvetsere injini. Kenako anayamba kumupatsa galimoto ikakhala yopanda katundu, pamsewu wowongoka. Tsiku lina akutsika mapiri a ku Thyolo ndi matumba odzaza, mnyamata anafunsa chifukwa chimene akuyendera pang'onopang'ono chonchi msewu uli mbee. Iwo anati: "Mwana wanga, potsika phiri giya umasankhiratu uli pamwamba. Ukadalira mabuleki okha amatentha, ndipo akatentha ulibenso galimoto." Zimenezi m'buku la mayeso mwina zilimo, koma zimalowa m'mutu ukamamva fungo la mabuleki a mnzako amene waima m'mbali mwa msewu.

Ine monga malume ndili ndi mantha anga, ndipo sindiwabisa. Thiraki ikamadutsa pa Chinakanaka imaoneka yaulemerero, koma madalaivala a dziko lino akhala akulira kwa zaka. Mu 2021 ananyanyala ntchito pa nkhani ya malipiro ndi zina, mpaka mafuta anasowa m'malo omwetsera galimoto. Tonse tinazindikira sabata imeneyo kuti dziko lopanda nyanja yamchere ngati lathu limapuma kudzera mwa anthu amenewa. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo kandalama ka panjira kamene dalaivala amapatsidwa kanachepa mphamvu akangowoloka malire. Za chitetezo ndiye musanene. Mu 2016 mathiraki a ku Malawi anaotchedwa ku Mozambique pa nthawi ya mkangano wa boma ndi Renamo, ndipo kumapeto kwa 2024 zipolowe za chisankho m'dziko lomwelo zinatsekereza madalaivala panjira masiku ambiri. Onjezanipo malungo, kugona m'galimoto pachipata kudikira mapepala, ndi mayesero a m'malo ogona amene atenga amuna ambiri a m'misewu. Ndinamuuza zonsezi. Anandimvetsera mwaulemu, kenako anati: "Amalume, kabaza nayenso amapha, koma samanga nyumba."

Apa ndinasowa choyankha.

Chimene chimandiwawa n'choti ntchito yofunika chonchi ilibe khomo looneka. Mnyamata wofuna ukalipentala kapena zomangamanga angathe kuyesa mwayi wa TEVETA. Wofuna thiraki amadalira mbuzi za malume ndi chifundo cha dalaivala wachikulire. Makampani onyamula katundu amadandaula za ngozi ndi madalaivala osadziwa ntchito, koma ndi angati amene amatenga achinyamata n'kuwaphunzitsa okha? Mwina alipo, koma mbiri yawo pa Chinakanaka sinafike.

Mwezi wathawu ndinapita kukaona achemwali anga. Akukhala m'kanyumba ka chipinda chimodzi kamene anthu a kumpingo anathandiza kumanga, ndipo pambali pake pali maziko a nyumba yatsopano ndi uvuni wa njerwa umene mphwanga anaotcha chilimwe chatha. Madzulo foni inalira: lole yawo ikuchokera ku Muloza, idutsa cha m'ma 6 koloko. Tinapita kumsewu, ine ndi mlongo wake wamng'ono. Amayi ake anakana, akuti miyendo. Lole inafika magetsi atayaka kale, ndipo amene anali pa chiwongolero anali iyeyo, adalaivala ali pambali manja atapinda. Anaimika bwinobwino kunja kwa tala, osazimitsa injini. Anatsika ndi jumbo ya shuga, sopo ndi mankhwala a amayi ake a mwezi wathunthu, n'kundikokera pambali.

Wasunga ndalama, akuti. Zikukwana chimodzi mwa ziwiri: malata a nyumba ija, kapena sukulu ndi mayeso okwezera chiphaso, poti adalaivala amuuza kuti ali ndi mnzawo ku kampani ina amene angamulankhulire akakhala ndi pepala loyenera ndi pasipoti. Mvula ili pafupi, ndipo denga la udzu la amayi ake linadontha chaka chatha. Mwayi wa kukampani nawo sudikira munthu.

"Ndiye mwati bwanji, amalume?"

Adalaivala analiza hutala kamodzi, poti katundu amayenera kufika ku Limbe usiku womwewo. Ndinamuuza kuti ndikambirana kaye ndi amayi ake, ndimuimbira Lamlungu. Anakwera, n'kuyatsa indiketa ngakhale kumbuyo kunalibe galimoto ina iliyonse, ndipo analowa mumsewu mosathamanga. Titabwerera kunyumba ndinawafotokozera achemwali anga nkhani yonse. Anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana kudenga, kenako anandifunsa mtengo wa pepala la pulasitiki loyala pansi pa udzu.