Njinga ikamadukiza

Mwa madandaulo onse amene eni njinga zamoto amabwera nawo pagalaja langa ku Biwi, lovuta kwambiri ndi lakuti "ikudukiza". Njinga yokaniratu kulira sivuta, chifukwa vuto lake limakudikira pomwepo. Yodukiza imalira bwinobwino pamaso pa makaniko, koma mwini wake akangoyamba kukwera mtunda, iyambiranso kutsamwa.

Njinga zakale zimene ndimagwira kawirikawiri ndi Honda CG125, imene inayamba kupangidwa mu 1975, ndi za ku China zimene anakopera injini yake. Zonsezi zili ndi silinda imodzi. M'galimoto ya masilinda anayi, imodzi ikaphonya zinzake zimaikoka, koma njinga ilibe woikoka, ndipo wokwera amamva kuphonya kulikonse m'chiuno mwake. Kuti isaphonye pamafunika moto wa pulagi wofika pa nthawi yake, petulo wosakanikirana bwino ndi mpweya, ndiponso kompuleshoni.

Ndisanagwire sipanala ndimafunsa. "Achimwene, imadukiza liti? M'mawa ikadali yozizira, kapena mutayenda kale? Mukamakoka mafuta, kapena ikamalira yokha poima? Imatero kukagwa mvula? Nanga petulo munathira kuti?" Funso lomalizali ambiri amalizemba, koma mayankho amenewa amandichotsera theka la ntchito. Yodukiza kukagwa mvula basi, ndimayang'ana kapu ya pulagi ndi waya wake ngati zang'aluka. Yodukiza ikamadumpha m'maenje, pali waya womasuka penapake.

Kenako ndimamasula pulagi n'kuiwerenga. Ikakhala ndi mwaye wakuda wouma, petulo akuchuluka, ndipo nthawi zambiri ndi sefa ya mpweya imene yatsekeka ndi fumbi la mu Okutobala. Ikanyowa ndi oyilo, maringi kapena masiilo a mavalavu atha. Ikayera mbuu, petulo akuchepa, kapena mpweya ukulowera palabala lolumikiza kabureta ku injini. Yabwino imakhala yofiirira pang'ono, mpata wake uli pakati pa 0.6 ndi 0.7 mm. Zimandipweteka kuona makaniko akungotaya pulagi osaiyang'ana, n'kumanga yatsopano, n'kulandira ndalama. Pulagi ndi mboni, ndipo woteroyo wathamangitsa mboni mlandu usanazengedwe. Wakabaza mwini njingayo amapita akusangalala, pakutha pa mlungu pulagi yatsopano yadanso, ndalama ya ufa yalowa m'madzi.

Za petulo ndinene mosabisa. Petulo wathu kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira 1982, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Onjezanipo wa m'zigubu ndi m'mabotolo a m'mbali mwa msewu, amene anthu amathamangira mafuta akasowa, komanso dzimbiri la m'thanki yakale. Ndimamasula sikuluwu ya pansi pa kabureta n'kukhetsera m'botolo loonekera. Ngati muli madzi, amakhala pansi paokha, ndipo ndimamupatsa mwini wake botololo adzionere. Majeti ndimawatsuka n'kuwapopera mpweya. Anyamata anga ndinawaletsa kutokosa jeti ndi waya: kabowo kakangokula pang'ono, njingayo idzamwa petulo mpaka kalekale.

Kudukiza kumene kumasiyanitsa makaniko ndi wongosintha zipangizo ndi kuja kumabwera injini ikatentha. Njinga inyamuka bwino, iyenda makilomita angapo, iyamba kuphonya, kenako izima. Mwini wake apuma pamthunzi, aponda kiki, ilira ngati palibe chachitika. Pali zinthu zitatu zimene zimachita chimodzimodzi, ndipo sungazisiyanitse njinga ili yozizira pagalaja. Uyenera kuikwera mpaka vutolo libwere, zida zili m'thumba, n'kuyeza pomwepo isanazizire.

Ndimayamba ndi chosalira ndalama: kutsegula chotsekera thanki. Chili ndi kabowo kolowetsa mpweya, ndipo kakatsekeka petulo amaleka kutsika. Ukamva "fyuu" potsegula, njinga n'kulira nthawi yomweyo, wapeza. Ngati si chimenecho, ndimachotsa pulagi, n'kuigunditsa ku injini, n'kuponda kiki. Moto wabwino ndi wabuluu ndipo umathetheka. Ukakhala wofiira wofooka, kapena osaoneka n'komwe, koma n'kubwerera injini ikazizira, ndimakayikira koyilo kapena CDI. Pa njinga zakale zedi zamapointi, kondensa. Waya wa mkati mwa koyilo ndi wopyapyala kwambiri, ndipo ukakalamba umalekana ukatentha n'kugundananso ukazizira. Chachitatu chimamveka kuphazi. Ngati kiki yapepuka poyerekeza ndi m'mawa, kompuleshoni ikuthawa, ndipo maso anga amapita ku mavalavu.

Bambo wina wachikulire wa ku Mitundu anabwera ndi CG125 imene inawathera ndalama zambiri. Kwina anawagulitsa mapulagi, koyilo, ndiponso kabureta yathunthu, n'kuwasiyitsa yawo yoyambirira imene inali yolimba kuposa yatsopanoyo. Nditaikwera, inazima monga ananenera. Moto unalipo wabwino, thanki inkapuma, koma kiki inkangotsika yokha. Ndinati, "Bambo, mavalavu anayezedwa liti?" Iwo anayankha monyadira kuti injini yawo silira phokoso ngakhale pang'ono. Apo m'pamene panali vuto. Valavu yotulutsa utsi imadyeka pang'onopang'ono pamene imakhala, mpata wake n'kumatha. Ikatentha imatalika, ndipo popanda mpata siitsekanso bwino. Injini yamtunduwu imayenera kumveka kaphokoso kakang'ono pamwamba. Ikangoti zii, ine ndimada nkhawa, chifukwa valavu yotsala yotseguka imapsa m'mphepete, ndipo pamenepo ntchito imafika potsegula mutu wa injini.

Mpata wa mavalavu a CG125 ndi 0.08 mm mbali zonse ziwiri, ndipo umayezedwa injini itaziziratu, pisitoni ili pamwamba pa kompuleshoni. N'chifukwa chake ndinawapempha bambowo kuti njinga igone pagalaja. Sanakondwe, ndipo ndinawamvetsa: ulendo wa ku Mitundu pa minibasi ndi ndalama inanso. Koma kuyeza injini yotentha n'kungonamiza munthu. M'mawa mwake, pa valavu ya utsi geji yopyapyala kwambiri imene ndili nayo inakana kulowa. Ndinamasula nati yake, n'kuika mpata, n'kumanga, n'kuyezanso, pakuti pomanga mpata umasuntha. Valavu inali isanapse. Ndinabwezeranso kabureta yawo yakale, imene mwamwayi anabwera nayo m'jumbo, ndipo ndinawauza kuti azibwera kudzayezetsa mavalavu akasintha oyilo kangapo, ngakhale njinga ikuyenda bwino.