Pakati pa chimbale choyamba ndi chachiwiri

Bambo anga amalekezera pa mawu akuti "koma". Aimirira kutsogolo m'holo ina ku Ntcheu, jekete lawakulira m'mapewa, maikolofoni ali m'manja, akulankhula pa ukwati wa achemwali anga mu 2005. Akuti, "Mwana uyu takupatsani ndi mtima umodzi, koma", ndipo kanema amathera pompo. Umayenera kudzuka, kutulutsa chimbale choyamba, kuika chachiwiri. Chikayamba, holo yonse ili kale m'phwete, amayi atseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje, bambo ali pa nkhani ina.

Bambo anatisiya mu 2011. Kupatula zimbale ziwirizi, palibenso pena pamene mawu awo anasungika.

Chaka chatha amayi anandipatsira zimbalezo kudzera mwa msuweni wanga amene amabwera pa basi. Ndinakazilandira ku Park Station zitakulungidwa m'kansalu ngati ndalama za chopereka. Uthenga unali waufupi: "Chachiwirichi chayamba kumaimaima. Iwe wa makompyuta, uzikonze zikhale chimodzi." Ine si wa makompyuta. Ntchito yanga ndi yomasulira, ndimakhala m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya eni ake ku Bedfordview, kumene usiku umamva magalimoto a pa Gillooly's ngati mtsinje wosefukira. Koma kwathu aliyense wogwira ntchito pa laputopu ndi wa makompyuta, ndipo sukana.

Amene anakula m'zaka zimenezo amaidziwa VCD. Inayamba mu 1993, ndipo kwathu inafala chifukwa inali yotsika mtengo. Mafilimu a ku Nigeria tinkawaonera pa zimbale zoterezi, nkhani ikafika pokoma wina n'kudzuka kukasintha. Chifukwa chake n'chakuti chimbale chimodzi chimanyamula kanema wa mphindi 74 mpaka 80 basi. Ukwati wa kwathu, ndi perekaniperekani wake, sungakwane m'mphindi 80. Wojambula anangodula pamene malo anathera, osasamala kuti pakamwa pa munthu pali mawu.

Laputopu yanga ilibe poika chimbale, choncho ndinayenda wapansi kupita ku Eastgate kukagula kachipangizo kolumikiza pa USB. Nditatsegula chimbale choyamba ndinapeza foda yotchedwa MPEGAV, m'kati mwake fayilo imodzi, AVSEQ01.DAT. Chachiwiri chimodzimodzi, dzina lomwelo. Bambo anga onse anali m'mafayilo awiri a dzina limodzi.

Choyamba chinakopeka bwinobwino. Chachiwiri chinakanira pakati. Apa ndinaphunzira chinthu chimene chinandiwawa: kuti kanema wambiri akwane, VCD imasiya mbali ina ya chitetezo chimene chimbale cha mafayilo wamba chimakhala nacho chokonzera zolakwika. Chigawo chilichonse chimanyamula mabayiti 2,324 m'malo mwa 2,048, ndipo mtengo wake ndi wakuti kukalika pang'ono kumadya chithunzi. Ndinachitsuka ndi madzi ndi sopo wa mbale, n'kuchipukuta kuchokera pakati kupita m'mphepete, mtima uli m'mwamba. Ulendo wachinayi chinadutsa. Panatsala timabokosi tobiriwira pa nkhope ya ankhoswe kwa kamphindi. Amenewo ndinawalekerera, andikhululukire.

Zotsalazo zinali za kuleza mtima. Fayilo ya DAT ndi kanema wa MPEG-1 wokutidwa m'chikuto china, ndiye umayamba wamuvundukula. Chithunzi chake n'chaching'ono, madontho 352 m'lifupi ndi 288 m'litali, koma DVD imachilandira momwemo, ndipo ndinasankha kusachikulitsa, poti kukulitsa sikubweza zimene kamera sinasunge. Mawu ndiwo amafunika kusintha, kuchoka pa 44,100 kupita pa 48,000 pa sekondi, monga DVD imafunira. Nditalumikiza koyamba ndi pulogalamu ya ffmpeg, milomo ya bambo inkatsogola, mawu n'kumabwera pambuyo ngati filimu ya karate. Fayilo iliyonse imawerenga nthawi yake kuyambira pa ziro, ndiye yachiwiri inasokoneza yoyamba. Ndinakonza usiku womwewo, cha m'ma 2 koloko.

Kenako ndinaonera polumikizira paja, ndipo ndinazizidwa. Bambo akuti "koma", nthawi yomweyo holo yonse n'kufa nacho chiseko. Zinkaoneka ngati anthu akuwaseka chifukwa asowa chonena. Msoko unali wosalala, koma unali bodza. Pa zimbale ziwiri zija, kudzuka kukasintha kunkatiuza tonse kuti pali china chadumphidwa. Ine ndinali nditafafaniza umboniwo.

Pa ntchito yanga ndimakumana nazo izi. Ndikamalemba ndi kumasulira mawu ojambulidwa, pena munthu amatsokomola kapena galimoto imadutsa, liwu n'kutayika. Chiyeso chimakhala chakuti uikepo liwu loyenerera, chiganizo chiyende, wokulipira asadandaule. Omasulira abwino amene anandiphunzitsa ankakana zimenezo: pamene sipakumveka, lemba kuti sipakumveka.

Ndinaimbira achemwali kuwafunsa zimene bambo ananena. Sanazengereze. "Anati, koma mudziwe kuti m'mawa sadzuka msanga." Ndinaimbira amayi. Anaseka kaye, kenako anati, "Ameneyo akunama, anali atazolika, sankamva kanthu. Bambo ako anati, koma mukadzatopa naye musadzamumenye, mudzangotibwezera, nsima yake kwathu ikadalipo. Ndiye anatembenukira kwa apongozi n'kunena kuti ndiwo zokha mudzabwere nazo." Awiriwa akhala akuonera kanema mmodzi kwa zaka pafupifupi 20, aliyense ndi bambo ake pakati pa zimbalezo.

Sindinasankhe wolondola. Ndinaika mdima wa masekondi awiri, wopanda mawu, pakati pa "koma" ndi chiseko. Ndinawotcha ma DVD atatu, lina la amayi, lina la achemwali, lina langa, ndipo mafayilo ndinawasunganso malo awiri, podziwa kuti DVD nayonso idzakalika tsiku lina. Amayi alibe foni yoonerapo kanema. Ali ndi kawailesi ka DVD pansi pa TV, kovundikiridwa ndi kansalu koluka, ndipo amadziwa batani lililonse.

Patapita milungu itatu anandiimbira Lamlungu madzulo.

"Chafika, ndaonera kawiri. Wachita bwino. Koma mdima uja waufupikitsa."

"Mdima uti, amayi?"

"Pamene bambo ako amaima paja. Ine ndimawamalizira mawu awo, ndiye anthu akumayamba kuseka ndisanafike pa ndiwo."

Ndinawapempha kuti anene mawuwo pa foni monga amanenera akakhala okha, ine ndikuyang'ana wotchi. Anatenga masekondi 11. Usiku womwewo ndinatsegulanso laputopu.