Mkangano wa Kapeti ku Sasare

Ku Sasare, kumene kunali mgodi wa golide m'masiku a atsamunda, kuli mkulu wina wa zaka zoposa 70 amene ali ndi galimoto ya mtundu wa Peugeot 504. Anaigula ili yogwirapo kale nchito m'caka ca 2000, pamene analeka nchito ku migodi ya ku Copperbelt. Kuyambira nthawi imeneyo galimotoyo yanyamula zonse zimene mudzi umafuna: matumba a feteleza pocokera ku boma la Petauke, nshawa ndi cimanga popita kumsika, mbuzi za pamaliro ndiponso odwala. Akazi ao a mkuluyu ali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, ndipo mwezi uli wonse galimoto imeneyi ndiyo imawapereka kucipatala.

M'mwezi wa August kunafika mwana wa mlongo wao wocokera ku Lusaka. Ananyamula kapeti yofiira yokulungakulunga pamodzi ndi citini ca guluu. Atapatsidwa moni ndi kudya nsima, mnyamatayo anamasula mau amene anadzera.

"Amalume, ku Lusaka ndapeza munthu wosunga magalimoto akale. Afuna kugula yanuyi pa mtengo wabwino, koma akuti ioneke bwino kunja ndi m'kati. Ndati tiyambire ku buti, pakuti ndiko kwaipitsitsa."

Mnyamatayo sanali kunama. Peugeot 504 inayamba kupangidwa ku France m'caka ca 1968, ndipo inachuka mu Africa muno cifukwa ca kulimba kwake pa miseu yoipa. Mu 1975 Ove Andersson wa ku Sweden anapambana nayo mpikisano wa Safari Rally ku Kenya, ndipo mu 1978 Jean-Pierre Nicolas wa ku France anapambananso mpikisano womwewo ndi 504 ya zitseko ziwiri, yopangidwira liwiro. Ku Kenya ndi ku Nigeria anapitiriza kuimanga mpaka kupyola caka ca 2000. Lero sipangidwanso, ndipo ndico cifukwa cake anthu okonda zakale amaifunafuna.

Mkuluyo sanabvomere, sanakanenso. Anangoti, "Tiye tikatsegule tione."

Pansi pa buti panali masaka akale amene anayalidwa zaka zambiri zapitazo. Pamene anawanyamula, masakawo anadukaduka m'manja, ndipo pansi pake panaoneka citsulo cofiira ngati dothi la katondo. Pa ngodya ya kumbuyo panali ciboo coti zala zitatu n'kulowa. Posuzumira, mnyamatayo anaona udzu wa pabwalo.

Dzimbiri silibwera lokha. Limafuna citsulo, madzi ndi mpweya, ndipo zitatuzi zikakhalitsa pamodzi citsulo cimadyeka. Mphira imene imazungulira citseko ca buti inali itauma ndi kung'ambika, motero fumbi la m'cilimwe linali kulowa, ndipo mvula itayamba mu November fumbilo linali kusanduka matope. Feteleza amene anali kutayika m'matumba anaonjezera bvutolo, pakuti iye amakoka cinyezi monga umacitira mcere, ndipo amafulumizitsa dzimbiri. Masaka aja anasunga zonsezi pamalo amodzi, osalola citsulo kuuma.

Mnyamatayo anayang'ana ciboo cija kwa kanthawi, kenaka anati, "Palibe kanthu, amalume. Tikapaka guluu ndi kumata kapetiyi, wogulayo sadzaona."

Apa mpamene nkhope ya mkuluyo inasintha. "Mwanawe, cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Ufuna kuti munthu akandipatse ndalama zake pa cinthu cobisa? Ndiponso taona pansipo. Paipi ya utsi yadzera pafupi ndi ciboo cimeneci. Amene amakhala pa mpando wa kumbuyo ndani?"

Mnyamatayo anakhala cete, pakuti anadziwa kuti ndi akazi a malume ake. Utsi wa galimoto uli ndi mpweya woipa wochedwa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu. Ndi womwewo umene umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Ukalowa pa ciboo ca m'buti umatha kufika kwa okwera, ndipo munthu amayamba kumva mutu ndi tulo osadziwa cifukwa cake. Kapeti siingatseke mpweya wotere.

Conco nchito inayambira pa citsulo. Anatulutsa jeke, masipanala ndi zingwe, nasesa fumbi lonse. Anapala dzimbiri ndi bulashi ya waya kufikira citsulo coyera citaonekera, ndipo pogogoda ndi nyundo yaing'ono anapeza malo ena awiri amene anali atapyapyala. M'mawa mwake anapita nayo ku Petauke kwa woocherera zitsulo. Mmisiriyo anakana kuyatsa moto thanki ya petulo isanacotsedwe, ndipo anacita bwino, cifukwa nthunzi ya petulo siicedwa kugwira moto. Anadula malo odyeka, naocherera zigamba zatsopano. Pambuyo pake anapaka penti yofiira yoletsa dzimbiri kawiri, m'kati ndi kunsi komwe, naika mphira yatsopano kuzungulira citseko.

Tsopano funso linatsala lakuti pansipo ayalepo ciani. Mnyamatayo anali akali kuumirira kapeti yake. Mkuluyo anaitembenuza, namuonetsa kunsi kwake kumene kunali ulusi wokhuthala wonga wa masaka. Anathirapo kapu ya madzi, ndipo madziwo analowa onse osabwerera. Dzuwa linafika pamutu kunsiko kukali konyowa.

"Kapeti iyi ndi ya munthu wonyamula sutikesi pa tara," anatero mkuluyo. "Ine ndimanyamula matumba a makilogalamu 50, ndipo mbuzi siipempha cilolezo ikafuna kukodza."

Ngakhale ku maiko kumene magalimoto ameneŵa anacokera, si onse anatuluka m'fakitale ali ndi kapeti m'buti. Galimoto ya liwiro ya mipando iwiri yochedwa MGB, imene inali kupangidwa ku Abingdon ku England kuyambira 1962 mpaka 1980, inali kugulitsidwa buti yake ili citsulo copaka penti cabe. Eni ake ndiwo amaikamo kapeti pambuyo pake. Motero coyala m'buti sicisankhidwa poyang'ana maonekedwe okha ai. Cimasankhidwa poyang'ana katundu amene galimotoyo imanyamula ndi mseu umene imayendamo.

Anagula mphasa ya mphira m'sitolo ya zitsulo pa boma pomwepo. Mphira siimwa madzi, imatsukika, ndipo thumba siliterereka kwambiri pamwamba pake. Podula sanafulumire. Poyamba anayala makatoni akale m'buti, nawadula pang'onopang'ono potsata makona ndi malo otumphuka amene amaphimba mawilo a kumbuyo, mpaka katoniyo inakhala pansi bwino lomwe. Kenaka anaisanjika pa mphira, nalemba mzere ndi coko. Mkuluyo anauza mnyamatayo kuti adule kunja kwa mzere, kusiya malo okwana cala cimodzi, pakuti cotsala umatha kusenga koma coperewera sungacibwezere. Anayesa katatu, akumasenga pang'ono nthawi iri yonse.

Pamene mnyamatayo anatsegula citini ca guluu, malume ake anamgwira dzanja. Anakananso misomali ndi masikuluu, cifukwa ciboo ciri conse catsopano ndi khomo la dzimbiri, ndipo kunsi kwa buti kumadzera mawaya ndi mapaipi. Mphirayo anangoigoneka, kuti kulemera kwake ndi kudulidwa bwino kwake ndizo ziigwire. Lamulo la mkuluyo ndi lakuti coyala m'buti cizituluka. Mvula ikagwa kapena feteleza akatayika, munthu acicotse, atsuke, aumitse, ndipo aone ndi maso ake mmene citsulo ciliri.

Kapeti yofiira ija sinatayidwe. Anaidula pa katoni yomweyo, ndipo mai wina wa makina osokera anaisoka m'mphepete kuti ulusi usamasuke. Imakhala yokulunga pa mitanda ya denga, ndipo imatsika pa tsiku la ukwati kapena pamene alandira mlendo wolemekezeka. Pamenepo imayalidwa pamwamba pa mphira, ndipo madzulo imabwerera kumalo kwake.

Za kugulitsa, mkuluyo anayankha usiku wotsiriza ali pamoto. "Ukamuuze mnzakoyo kuti pakali pano galimoto ili ndi nchito. Amai ako akali kupita kucipatala. Tsiku limene ine ndidzagona, mwina idzagwera m'manja mwako, pakuti ndiwe mwana wa mlongo wanga. Ukadzafuna kugulitsa, udzanyamule mphirayo pamaso pa wogula, umuonetse zigamba zonse, ndipo umuuze amene anaocherera."

Mnyamatayo anabwerera ku Lusaka ndi citini cake ca guluu cosagwiritsa nchito. Katoni ija anaisiya, ndipo mkuluyo anaikoloweka pa khoma la nkhokwe, kuti mphira ikadzatha adzadulirepo ina.