Pa Chinyunyu, Manenekela ali kutsogolo

Kukamacha pa Chinyunyu nthunzi ya madzi otentha imafuka m'mbali mwa msewu wa Great East, amayi ali kale pamenepo ndi mabeseni a zochapa. Dzuwa likangotuluka mabasi a ku Chipata amayamba kudutsa motsatizana. Mu 2016 boma linaletsa mabasi kuyenda usiku, ndiye anazolowera kunyamuka ku Lusaka m'bandakucha, aliyense akufuna kutsogola.

Masana ndi a mathiraki. Dalaivala amatsika, kuzungulira galimoto akugogoda matayala, chifukwa akapitirira Rufunsa akakumana ndi mapiri a Manenekela, kumene msewu umakhotakhota mpaka kutsikira pa mlatho wa Luangwa. Pakudya nsima nkhani imathera pa makona. Anyamata a minibasi amati kona amaidula: kuyambira kunja, kukhudza mkati, kutulukiranso kunja. Sakunama. Umo ndi mmene amayendetsera timagalimoto tampikisano totchedwa kart, timene katswiri wa mipikisano ya magalimoto Lewis Hamilton anayambira ali ndi zaka 8. Kayendedwe kameneko kamawongola kona, liwiro silitayika.

Koma pabwalo la mpikisano onse amalowera kumodzi. Kuno ukadula kona yokhotera kumanja walowa mbali ya mnzako, ndipo kuseri kwa phiri kungakhale thiraki ya mafuta. Akuluakulu a mathiraki amangoti, "Iwe mwana, giya amatsitsa usanafike pakona." Ine ndili kumbali yawo, ndipo apa mphunzitsi wa kart angavomerezane nawo: buleki amaponda galimoto ikadali yowongoka, maso ali kale potulukira, mafuta n'kuwonjezera kona ikamatseguka.

Dzuwa likapendeka ana asukulu amadzaza m'mphepete mwa phula, pamodzi ndi njinga zosenza matumba a makala otambalala kuposa mwini njingayo. Chakumadzulo abambo amatsikira ku madzi otentha kukasamba, ogulitsa akulongedza tomato wotsala. Mathiraki ena amagona pompano, ena amayatsa nyale n'kupitirira. Inu okwera minibasi, mukaona dalaivala akudumpha mzere woyera pakona, mudzudzuleni pomwepo, musadikire kuti wina ayambe.