ALENDO ACUMA KU MALAMBO, NDI ENA OKWERERA PA KAMWALA

Pali njira ziwiri zopitira ku Mfuwe kucokera mu Lusaka, ndipo anthu oyenda m'njira ziwirizi sakumana kawirikawiri. Yoyamba iyambira pa bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda, kum'mawa kwa mzinda. Munthu akwera kandeke atamwa tiyi wa m'mawa, ndipo patapita ola limodzi ndi mphindi zowerengeka watera kale m'cigwa ca Luangwa, kumene motoka yopanda mazenera irikumuyembekeza. Yaciwiri iyambira pa siteshoni yaikulu ya mabasi ya Intercity, pa mseu wa Dedan Kimathi, pafupi ndi masitolo a Kamwala. Imeneyi ndiyo njira imene ambiri a inu awerengi muidziwa, inu amene munagonapo pa katundu wanu kuyembekeza basi yonyamuka tambala asanalire.

Kamwala ndi umodzi wa midzi yakale ya anthu akuda mu Lusaka. Pamene boma la atsamunda linasamutsa likulu lace kucoka ku Livingstone mu 1935, panafunika nyumba za anchito, ndipo Kamwala anakula kucokera pamenepo. Masitolo a amwenye anamangidwa kufupi, pakuti masiku amenewo munthu wakuda akafuna kugula kanthu m'masitolo ambiri a azungu a m'Cairo Road anali kugulira pa kawindo, osaloledwa kulowa. Zimenezo zinatha, koma malonda a pa Kamwala sanathe. Kufikira lero amalonda a m'maboma akutali abwera kudzaoda zitenje, mapoto, mabulangete, nsapato za ana a sukulu ndi zitsulo za njinga, namanga zonse m'masaka, nazikweza m'basi. Ena a masaka amenewa ulendo wao ukathera ku Mfuwe.

Ulendo wa basi udya tsiku lathunthu. Mupita pa Chongwe ndi Rufunsa, mutsika mapiri a Manenekela mtima uli m'mwamba, nimuoloka ulalo wa Luangwa umene unatsegulidwa mu 1968, pamene amai agulitsa nsomba zouma ndi madengu. Kenaka Nyimba ndi nthoci zace, Petauke, Sinda, Katete, kufikira Chipata, makilomita pafupifupi 570 kucokera ku Lusaka. Pamenepo patsala makilomita ena oposa 100 otsetsereka kunka ku boma la Mambwe. Mukamatsika mumva mphepo irikusintha. Kazizi ka ku Chipata katsala m'mbuyo, mitengo ya tsanya ndi milambe iyamba kucuruka, ng'ombe ziyamba kusowa cifukwa ca kashembe, ndipo mwafika ku Malambo, dziko la Akunda, la mafumu Nsefu, Jumbe, Kakumbi, Mnkhanya, Malama ndi Msoro.

Nanga n'ciani cimene cicotsa munthu wacuma ku London, ku New York kapena ku Berlin kudza kuno kotentha, kumene m'mwezi wa October ngakhale nkhuku zipuma ndi kukamwa?

Ndi nyama. Nkhalango ya South Luangwa, imene inasungidwa koyamba mu 1938 nikhala nkhalango ya dziko lonse mu 1972, ndi yaikulu makilomita 9,050 mbali zonse pamodzi. Muli njobvu, njati, mikango ndi mimbulu. Mvuu za mu mtsinje wa Luangwa n'zambiri kotero kuti m'cirimwe, madzi akaphwa, zipanikizana m'maiwe ngati mbatata mumphika. Muli nyamalikiti wa mtundu wa Thornicroft, amene sapezeka kwina kuli konse pa dziko lapansi koma m'cigwa cimeneci. Ndipo nyalugwe, amene kwina mlenje akalamba asanamuone bwino, kuno aoneka usiku atagona pa nthambi ya mtengo, nyali ya motoka iri pa iye, osatekeseka.

Ciyambi ca malonda amenewa cinali mgwirizano wa anthu awiri. Norman Carr, mzungu wobadwira ku Chinde m'dziko la Mozambique mu 1912, anayamba ali wakupha njobvu, nalowa nchito ya boma yoyang'anira nyama. Mu 1950 anakambirana ndi Mfumu yaikulu Nsefu kuti ipatule mbali ina ya dziko lace ikhale yosungiramo nyama, pamangidwe msasa wa alendo odzaona nyama ndi maso okha, ndipo ndalama zipite ku thumba la ufumu wa Akunda. Mfumu inabvomera. Tikumbukire kuti nthawi imeneyo mzungu wobwera ku thengo la Africa anali kubwera ndi mfuti, nabwerera ndi mitu ya nyama yokapacika pa cipupa. Kuti munthu alipire ndalama kuti aone cabe, zinaoneka ngati nthabwala. Carr anapitiriza, nayambitsa maulendo oyenda pansi pakati pa nyama, amene lero acukitsa Luangwa m'maiko onse. Anamwalira mu 1997. Mabuku a alendo achula kwambiri dzina lace. Ife tinene kuti dziko linali la Nsefu ndi anthu ace, ndipo mfumu ikadakana, pakadapanda msasa uli wonse.

Mlendo wa masiku ano, m'maloji apamwamba kwambiri, alipira madola a ku America oposa 1,000 pa usiku umodzi m'miyezi ya cirimwe, munthu mmodzi. Werengani nokha matumba a cimanga amene mungagulitse kuti mupeze ndalama zotere. Mwina muganiza kuti wolipira motero agona m'nyumba ya nsanjika ya magalasi. Iai. Misasa yambiri ya mkati mwa nkhalango ndi ya udzu, bango ndi mitengo, monga momwe agogo athu anali kumangira. Kusiyana kwace kuli mkati: bedi lalikulu la nsalu zoyera, ukonde wa udzudzu, madzi otentha osamba, magetsi a dzuwa, ndi wophika amene aturutsa buledi wofewa m'dzenje la makala. Misasa ina ilandira alendo asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi atatu okha. Cimene wacuma agula ndi mtengo wotere ndico kusakhalapo kwa anthu ena. Wacokera ku mzinda wa phokoso, ndipo afuna kugona pamene amva mvuu ndi fisi basi.

Adzutsidwa kusanace. Pa ulendo wa pansi ayenda pa mzera umodzi: patsogolo msilikali wa nyama ndi mfuti yace, uja kumudzi timuti wa gemu; pambuyo pace woperekeza alendo; kenaka alendowo; ndipo potsiriza mnyamata wonyamula tiyi. Woperekezayo ayenera kupambana mayeso obvuta asanapatsidwe cilolezo. Awerenga mapazi pa mcenga, adziwa ndowe ya dzulo ndi ya lero, amva kulira kwa nyani nanena kuti nyalugwe ali kufupi. Ambiri a iwo ndi ana a m'midzi ya komweko, ndipo nzeru zina zimene alendo azilemba m'timabuku tao ndi zomwe anyamatawa anaphunzira kwa atsibweni ao akali ana.

Maiko a kumpoto kwa Africa anayamba kale kulandira alendo acuma. Ku Egypt hotela ya Old Cataract, m'mbali mwa mtsinje wa Nile ku Aswan, inamangidwa mu 1899. Ku Morocco, mu mzinda wa Marrakech, Mfumu Mohammed VI inamangitsa hotela ya Royal Mansour imene inatsegulidwa mu 2010. Kumeneko mlendo apatsidwa nyumba yathunthu yace yace, ndipo anchito ayenda m'njira za pansi pa nthaka kuti mlendo asawaone. Angopeza cakudya cafika, pogona payalidwa. Ku Malambo zotere sizingatheke. Mkango ukabangula kuseri kwa citsamba, mwini mabanki agwira malaya a mwana wa Mkunda, namvera mau ace onse. Uwu ndi ulemu umene nchito imeneyi iri nao, ndipo suyenera kuiwalika pokamba za malipiro.

Alendo ochuka sanayambe lero. Pa kaphiri ka Chichele, mkati mwa nkhalango, panamangidwa nyumba yopumulirako Mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Dr Kenneth Kaunda, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, ndipo a Kaunda anali kukonda kupita kumeneko. Pa Mfuwe Lodge pali cina cimene alendo asungitsira malo miyezi yambiri pasadakhale. Cakumapeto kwa caka, matondo akapsa pa mtengo wa mtondo umene uli m'bwalo la loji, banja la njobvu likwera masitepe, lipyola m'cipinda colandiriramo alendo, likadya zipatso, nilibwerera njira yomweyo. Loji inamangidwa pa njira yao yakale, ndipo njobvu sizinaone cifukwa cakulambalala.

Cuma cimeneci cinatsala pang'ono kutha. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970 cigwa ca Luangwa cinali ndi njobvu pafupifupi 100,000. M'zaka makumi awiri zotsatira, akuba minyanga anapha zambirimbiri. Cipembere cakuda cinatheratu, ndipo mu 1998 cinalengezedwa kuti m'Zambia mulibenso. Zipembere zimene ziri ku North Luangwa lero zinayamba kubwera pa ndeke kucokera ku South Africa mu 2003. Boma linaona kuti mfuti za agemu zokha sizingateteze nyama ngati anthu okhala nazo sapezapo kanthu. Motero mu 1986 linayambitsa nchito ya citukuko ca Luangwa yochedwa LIRDP, mothandizidwa ndi dziko la Norway, kuti phindu la nyama lifike ku midzi ya m'dera la Lupande. Lamulo la nyama la 1998 linakhazikitsa makomiti a m'midzi olandira gawo la ndalama za zilolezo zosakira nyama. Kuyambira 2003 bungwe la COMACO lakhala likugula nshawa, mpunga ndi uci kwa alimi, ndipo alenje ambiri apereka magogodera ndi misampha yao ya mawaya posinthana ndi maphunziro a ulimi.

Tsono funso limene mlimi afunsa ndi lakuti: pa madola 1,000 aja, angati atsala ku Malambo? Gawo lina litsala kunja komweko, kwa ogulitsa maulendo. Lina lipita ku ndeke, lina ku misonkho ya Boma ndi malipiro olowera m'nkhalango, lina ku zakudya ndi zakumwa zoodedwa kutali. Cimene cifika m'manja mwa anthu ndi malipiro a ophika, ocapa, oyendetsa motoka, alonda, omanga misasa ndi omweta udzu; ndalama za ndiwo zamasamba zimene maloji agula m'madimba; ndi za nsalu zojambulidwa ndi manja zimene alendo agula popita ku bwalo la ndeke. Maloji ena amanga zipinda za sukulu, nakumba zitsime, nalipirira ana. Zimenezi n'zoona ndipo zioneka ndi maso: Mfuwe wakula, nyumba za malata zacuruka, ndipo pa malipiro amenewa ndi pamene pacokera ndalama zokaodera katundu ku Kamwala. Koma akulu anati mlendo ndi mame. Mvula ikayamba mu November, miseu ya m'nkhalango isanduka thope, misasa ya udzu ipasulidwa, ndipo anchito ambiri abwerera ku makasu kufikira May kapena June. Mu 2020, matenda a Covid-19 atatseka maulendo a ndeke, mame sanagwe konse, ndipo mabanja ambiri anaona njala ya ndalama.

Palinso mtengo wina umene sulembedwa pa risiti ya mlendo. Njobvu sidziwa malire a nkhalango. Ioloka Luangwa usiku, ilowa m'munda wa cimanga, ipasula nkhokwe, ithyola mango pakhomo. Nchito ya miyezi isanu itha usiku umodzi. Alimi agona m'misasa ya kumunda ndi zitini ndi moto, ena amanga nkhokwe za simenti, ena aombera njobvu ndi mfuti za tsabola. Ana a sukulu acedwa m'mawa kuyembekeza kuti njobvu zicoke pa njira, ndipo amai otunga madzi ndi asodzi ali pa ngozi ya ng'ona. Mu July 2025 njobvu inapha alendo awiri acikazi, wina wa ku Britain wina wa ku New Zealand, pa ulendo woyenda pansi, ndipo mbiri inamveka pa dziko lonse tsiku lomwelo. Inali ngozi yomvetsa cisoni. Koma maliro otere acitikanso m'midzi ya Kakumbi ndi Nsefu, ndipo mbiri yao kawirikawiri ithera pa manda. Amene agawa phindu la nyama ayenera kuyamba kuwerenga kucokera pa munda wodyedwa ndi pa nyumba ya mai wamasiye.

Cinanso n'cakuti ana ambiri obadwira makilomita khumi kucokera pa cipata ca nkhalango adziwa njobvu ngati mdani wa kumunda cabe, osaionapo iri phee pa madzi ndi ana ace. Mabungwe ena a komweko atengera ana a sukulu m'nkhalango, ndipo nchito imeneyo iyenera kukula. Kwa inu a ku Katete, ku Petauke, ku Lundazi, ngakhale a m'makomboni a Kanyama, Matero ndi Chawama, dziwani kuti nzika ya Zambia ilipira ndalama zocepa kwambiri pa cipata kuposa mlendo wakunja, ndipo kunja kwa nkhalango kuli nyumba zogona za mtengo wotsika. Mpingo, sukulu kapena kalabu ya alimi ingathe kusonkherana, kubwereka basi yaing'ono ndi kufunsa woperekeza wa cilolezo pa Mfuwe. Miyezi yabwino ndi kuyambira June kufikira October, pamene udzu wagwa ndipo nyama zonse zitsikira ku mtsinje. Nyamulani citupa canu ca registiresheni cosonyeza pa cipata, madzi akumwa ambiri, ndipo mufike dzuwa lisanaturuke, pakuti likakwera mikango ikagona m'zitsamba.