Thumba la Gofu ndi Msana Wanga

Anzanga acinyamata, ena a inu ndimakuonani Loweruka m'mawa mukuthamangira ku bwalo la gofu kuno ku Chipata kukanyamulira akulu-akulu matumba. Sindikuletsani ai. Nanenso ndalama za makope ndinali kuzipeza pa ganyu yomweyo.

Thumba lija limatenga ndodo mpaka 14, ndipo umayenda nalo maenje 18 paphewa limodzi. Tikaweruka tinali kusema ndodo zathu za mtengo wa gwafa ndi kupikisana kumenya timipira totola. Tsiku lina, ndili wotopa kale, ndinapotoza thupi ndi mphamvu zonse ndipo ndinamva kuti tswa! m'ciuno. Ndinawabisira amai milungu iwiri poopa kuti andiletsa ganyu. Kupusa kwake!

Adokotala anandiuza kuti pakati pa mafupa a msana, kuyambira m'khosi, pali timitsamiro tofewa. Kamodzi kakatuphira kunja kamapanikiza mtsempha, ululu ndi kutsikira ku mwendo kapena ku mkono. Ngakhale Tiger Woods anamucita opaleshoni ya msana mu 2014, ndipo mu 2017 anamulumikiza mafupa awiri. Nanga ife a ku Kapata ndi ku Mchini?

Cotero muzisintha phewa. Mukamva dzanzi m'mwendo kapena m'dzanja, makamaka mukalephera kusunga mkodzo, pitani ku cipatala tsiku lomwelo. Tidzakupemphererani muli komweko.

Ine mpaka lero sindikhala pa benchi ulaliki wonse. Mukandiona ndaimirira kumbuyo m'chalichi, musaganize kuti abusa andikhumudwitsa.